Inshuwalansi ya Galimoto: Kodi Disikaunti ya Mwamuna Ingapite kwa Mkazi Wake?

Mabanja ambiri okhala ndi galimoto m'boma la Rufunsa, monganso m'madera ena a dziko la Zambia, amalembetsa inshuwalansi m'dzina la munthu mmodzi, ndipo kawirikawiri limakhala dzina la mwamuna. Galimotoyo imakhala ya banja lonse. Mkazi amaiyendetsa popita ku nchito, pokasiya ana ku sukulu kapena potengera wodwala ku cipatala ca St Luke's ku Mpanshya, ndipo zaka zimapita popanda wina kufunsa kuti pa cikalata panalembedwa ndani. Funsolo limabuka tsiku limene mwamuna wamwalira, cikwati catha, kapena banja lagula galimoto yaciwiri. Pamenepo mkazi amauzidwa mtengo wa munthu amene wangoyamba kumene kuyendetsa, ngakhale kuti wayendetsa zaka khumi osagunda ngakhale mbuzi.

Cimene cimasowa pa nthawiyo ndi kucotserako mtengo kumene makampani a inshuwalansi amakucha no claims discount, pamene ena amati no claims bonus. Eni magalimoto amangoti disikaunti. Munthu akatha caka cathunthu osapita ku kampani kukapempha kuti imulipirire ngozi, kampaniyo imamucepetserako ndalama zimene ayenera kulipira caka cotsatira. Akathanso caka cina, disikauntiyo imakwera, ndipo imapitiriza kukwera kufikira pa malire amene kampani iliyonse inadziikira. Si ndalama zolandira m'manja, ndipo palibe akaunti kumene zimasungidwa. Ndi mbiri cabe, umboni wakuti dzina lakutilakuti latha zaka zingapo osaidyera kampani ndalama.

Mwacitsanzo, ngati inshuwalansi ya galimoto ina ndi K10,000 pa caka, ndipo mwini wake wafika pa disikaunti ya 30 peresenti, amalipira K7,000. Mkazi wake akalembetsa galimoto yomweyo m'dzina lake popanda mbiri iliyonse, adzalipira K10,000 yonse, ndipo padzapita zaka kuti afike pamene panali mwamuna wake. Manambala awa ndi ongoyerekezera, pakuti kampani iliyonse ili ndi makwerero ake, koma kusiyana kotere n'kokwana kugula matumba a feteleza kapena zofunika za mwana wa ku sekondale. Kwa mkazi wamasiye, kukwera mtengoku kumafika pa nthawi imene nyumba yangotaya munthu amene anali kubweretsa ndalama.

Nkhaniyi siikhudza mwini galimoto aliyense mofanana. Lamulo la Road Traffic Act la 2002, lomwenso linakhazikitsa bungwe la Road Transport and Safety Agency limene anthu amangoti Ratsa, limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi ya third party, imene imalipira anthu ena ovulazidwa kapena kuphedwa ndi galimotoyo. Makampani amagulitsanso third party yowonjezera, yolipira katundu wa anthu ena akaonongeka. Inshuwalansi imeneyi siikonza galimoto ya mwini wake, ndipo anthu ambiri amaigula ya miyezi itatu itatu pamodzi ndi msonkho wa pamsewu, colinga cokha cili cakuti adutse pa rodibuloko. Disikaunti imaoneka kwenikweni pa inshuwalansi ya comprehensive, yomwe imalipiranso galimoto ya mwini ikagundidwa, ikapsa kapena ikabedwa, ndipo ndiyo yokwera mtengo. Amaigula ndi aphunzitsi, anamwino, anchito a m'maofesi a boma, alimi akuluakulu ndi amalonda, makamaka ngati galimoto inagulidwa ndi ngongole ndipo wobwereketsa ndalama anafuna kuti itetezedwe mokwanira.

Anthu otere aculuka ku Rufunsa kucokera mu 2013, pamene dera limeneli linapatulidwa ku boma la Chongwe nikhala boma palokha mu ulamuliro wa malemu Michael Sata. Kukhala boma kunabweretsa maofesi ndi anchito, ndipo anchitowo anabwera ndi magalimoto. Koma msewu umene amayendapo suli wacifundo kwa munthu wosunga mbiri yabwino. Msewu wa Great East Road umadula boma lonse kucokera ca ku Chinyunyu kufikira ku mapiri a Manenekela, kumene umakhotakhota potsikira ku mtsinje wa Luangwa. Pamsewupo pamayenda mabasi a ku Chipata, magalimoto akuluakulu onyamula katundu wa ku Malawi, malole a makala, ndi ziweto zodumpha mwadzidzidzi. Munthu amene watha zaka zisanu pamsewu umenewu osapempha malipiro wagwira nchito yaikulu.

Apa pali cinthu cimodzi cimene cimadabwitsa ambiri. Makampani amawerenga mapempho a malipiro, osati kulakwa kwa woyendetsa. Galimoto ikagunda ng'ombe usiku, kapena ikagundidwa ndi wina amene wathawa, ndipo kampani yalipira popanda kwina kokabweza ndalama zake, disikaunti ingatsike ngakhale kuti woyendetsa sanalakwe. Ndiye cifukwa cake eni magalimoto ena amasankha kukonza okha zoonongeka zazing'ono, monga nyale yosweka kapena bampa yopindika, makamaka poti pa pempho lililonse pamakhalanso gawo loyamba lochedwa excess limene mwini amalipira yekha. Ndalama zokonzera zimenezi zimacokera m'thumba la banja. Conco mkazi amathandiza kumanga disikauntiyo kawiri, ndi kuyendetsa kwake kosamala komanso ndi ndalama za pakhomo, koma zonse zimalembedwa pa dzina limodzi.

Disikaunti imatsata dzina

Mfundo yaikulu pa nkhaniyi ndi yakuti disikaunti imatsata munthu amene anapangana ndi kampani. Siitsata galimoto, ndipo siitsata cikwati. Mwamuna akagulitsa Toyota yake yakale nagula ina, amapita nayo disikauntiyo ku galimoto yatsopano, ndipo wogula yakaleyo sapatsidwa kanthu. Akasamuka kucoka ku kampani ina kupita ku ina, angapite nayo ngati kampani yatsopano yavomera, ndipo cimene imafuna ndi kalata yocokera ku kampani yakale yonena zaka zimene munthuyo watha osapempha malipiro.

Kalata imeneyi inalibe nchito kwenikweni m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene inshuwalansi yonse ya dziko inali m'manja mwa kampani imodzi ya boma ya Zambia State Insurance Corporation, imene inakhazikitsidwa mu 1968. Mbiri ya munthu inali kukhala m'faelo imodzi. Kucokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene boma linalola makampani ena kuyamba malonda amenewa, makampani anaculuka, ndipo aliyense amasunga mbiri ya anthu ake. Lero malondawa amayendetsedwa ndi lamulo la Insurance Act la 2021, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo la 1997, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la Pensions and Insurance Authority, kapena kuti PIA.

Disikaunti yokha imacokera m'pangano la pakati pa kampani ndi mwini galimoto. Lamulo la pamsewu limanena za inshuwalansi imene munthu ayenera kukhala nayo, koma kucotserako mtengo ndi njira ya malonda imene kampani imakopera nayo oyendetsa osamala ndi kuwasunga. Cifukwa ca ici, yankho la funso lakuti disikaunti ingapite kwa mkazi kapena kwa mwamuna wa mwini limapezeka m'mawu a panganolo ndi m'cigamulo ca kampaniyo. Makampani awiri angayankhe mosiyana pa pempho limodzimodzi, ndipo onse awiri nkukhala kuti sanaphwanye lamulo.

M'maiko ena nkhaniyi inakambidwa kale kwambiri. Ku Britain makampani ena amalola kusamutsa disikaunti pakati pa mwamuna ndi mkazi, ena amakana, ndipo kumene amalola, wopereka amaitaya yonse. Siigawidwa pakati, ndiponso siingagwire nchito pa magalimoto awiri nthawi imodzi. Makampani ambiri kumeneko amalandira kalata ya umboni ngati sipanapite zaka 2 kucokera pamene inshuwalansi yakale inatha. Ku India makwerero ake ndi amodzi m'makampani onse, kuyambira 20 peresenti pakatha caka coyamba kufikira 50 peresenti pakatha zaka 5, ndipo malamulo a kumeneko amalola kuti mwini akamwalira, disikaunti ipite kwa mkazi, mwamuna, mwana kapena kholo limene latenga galimotoyo. Zitsanzo ziwirizi zionetsa kuti kusamutsa n'kotheka, ndiponso kuti imfa ndiyo nthawi imene pempho lotere limamveka kwambiri.

Makampani ali ndi cifukwa cake cokayikira. Disikaunti ndi ciyerekezo ca mmene munthu adzayendetsera mawa poona mmene anayendetsera dzulo, ndipo ciphaso ca cikwati sicinena kanthu za mmene munthu amagwirira ciongolero. Mkazi amene sanayendetsepo sasanduka woyendetsa wa zaka khumi cifukwa cakuti mwamuna wake anali wotero. Komabe cifukwa comweco cimathandiza mkazi amene anali kuyendetsadi galimotoyo zaka zonsezo, pakuti zaka zopanda ngozi zinali zakenso. Vuto lake limakhala umboni. Ngati dzina lake linalembedwa pa cikalata ca inshuwalansi monga mmodzi wa oyendetsa, ndipo ali ndi laisensi ya Ratsa yoonetsa caka cimene anaitenga, ali ndi poyambira. Ngati cikalata cinangonena kuti aliyense wa laisensi wololedwa ndi mwini angayendetse, anali wotetezedwa pamsewu, koma m'mabuku a kampani mulibe dzina lake.

Mwini galimoto akamwalira

Imfa ndiyo imasokoneza zinthu kwambiri, cifukwa nkhani ya inshuwalansi imayembekeza kuti nkhani ya cuma ca masiye ithe. Kampani siingalembe galimoto m'dzina la mkazi wamasiye pokhapokha zitadziwika kuti galimotoyo ndi yake kapena ili m'manja mwake mwalamulo. Ngati malemu sanasiye wilo, cuma cimagawidwa motsata lamulo la Intestate Succession Act la 1989. Lamuloli limapatsa ana 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20 peresenti, makolo a malemu 20 peresenti, ndi ena amene anali kudalira malemu 10 peresenti.

Koma galimoto ya pakhomo siilowa m'kugawa kumeneku. Lamuloli limaiika m'gulu la katundu wa pa nyumba pamodzi ndi mipando, zovala ndi ziwiya, ndipo limati m'cikwati ca mkazi mmodzi katundu ameneyu ndi wa wotsalayo ndi ana mofanana. Abale a malemu amene amafika pa maliro nkutenga makiyi amakhala kuti aphwanya lamulo, ndipo milandu yotere imapita ku gawo la apolisi la Victim Support Unit. Pali pamene pamafunika kusamala. Katundu wogwiritsa nchito pa malonda sawerengedwa m'gulu limeneli. Ku Rufunsa, kumene galimoto imodzi imatengera banja ku chalichi pa Sondo ndipo pa Mande imanyamula cimanga kapena tomato kupita ku msika wa Soweto ku Lusaka, funso lakuti galimoto inali ya pakhomo kapena ya malonda lingabutse mkangano pakati pa mkazi wamasiye ndi acibale a mwamuna wake. Cikalata ca inshuwalansi cimanena nchito imene galimoto inalembetsedwera, ndipo cingakhale cimodzi ca zinthu zoyang'anapo.

M'cikwati ca mitala, gawo la 20 peresenti limagawidwa pakati pa akazi molingana ndi zaka zimene aliyense anakhala m'cikwati ndi zina monga zimene anathandiza pa cuma. Disikaunti siingagawidwe motero. Ngati kampani yavomera kuisamutsa, imapita kwa munthu mmodzi pa galimoto imodzi, ndipo munthuyo amakhala amene galimoto yalembedwa m'dzina lake.

Motero zinthu zimayenda motsatana. Banja limasankha woyang'anira cuma ca masiye, amene amavomerezedwa ndi bwalo la milandu, Local Court kapena bwalo lalikulu molingana ndi kukula kwa cumaco. Iyeyo ndiye ali ndi mphamvu yosainira kuti white book isinthidwe ku Ratsa. Zimenezi zingatenge miyezi, makamaka kwa anthu a kwa Mfumu Shikabeta kapena kwa Mfumu Bunda Bunda amene ulendo uliwonse wa ku Lusaka umawadyera tsiku ndi ndalama. Koma kuuza kampani ya inshuwalansi za imfayo sikuyenera kuyembekeza zonsezi. Pangano linali la kampani ndi malemu. Cikalata comata pa galasi cingadutsitse galimoto pa rodibuloko kufikira tsiku lake litatha, koma ngozi ikacitika miyezi inayi pambuyo pa maliro kampani isanauzidwe, banja lingakumane ndi mafunso ovuta pa nthawi yopempha malipiro. Kalata yodziwitsa za imfa, yokhala ndi ciphaso ca imfa, ndi malo abwino olembamo mapempho awiri: lakuti kampani inene ngati galimoto ikali yotetezedwa pamene cuma cikugawidwa, ndi lakuti zaka za malemu zisungidwe kufikira mkazi atalembetsa galimoto m'dzina lake.

Kampani idzafunanso umboni wa cikwati, ndipo apa mabanja ambiri a kumidzi amapunthwa. Okwatirana mwa lamulo la Marriage Act ali ndi ciphaso cawo. Okwatirana mwamwambo, amene ndiwo ambiri pakati pa Asoli ndi mitundu ina ya m'bomali, cikwati cawo ndi covomerezeka ndi malamulo a dziko, koma nthawi zambiri umboni wake ndi ankhoswe ndi acibale amene analipo, osati pepala. Mabwalo a Local Court amapereka ziphaso za zikwati zamwambo. Kutenga ciphasoco onse awiri ali moyo ndi nkhani ya tsiku limodzi. Kutsimikizira cikwati mmodzi atamwalira kumafuna mboni za ku banja la malemu, ndipo mbonizo nthawi zina zimakhala anthu omwewo amene akufuna galimotoyo.

Cikwati cikatha, nkhani imakhala ina. Mu 2000, pa mlandu wa Chibwe ndi Chibwe, bwalo lalikulu la Supreme Court linagamula kuti mkazi wokwatiwa mwamwambo ayenera kupatsidwa gawo la cuma cimene banja linapeza, ndipo zikwati za ciphaso ca Marriage Act zimaweruzidwa motsata lamulo la Matrimonial Causes Act la 2007. Bwalo lingapatse mkazi galimoto. Disikaunti imatsala ndi mwamuna, amene ali moyo ndipo adzaifuna pa galimoto yake ina. Kuti ipite kwa mkazi pafunika kuti mwamunayo avomere kuitaya mwa kulemba, ndiponso kuti kampani ivomere. Pa anthu amene angosiyana kumene, cilolezo cotere sicipezeka mosavuta.

Galimoto yaciwiri ndiyo nkhani yopepuka pa zonse, ndipo ndiyo mpata wabwino wakuti mkazi ayambe mbiri yake. Makampani ena amapereka disikaunti yoyambira kwa munthu amene wakhala woyendetsa wolembedwa pa inshuwalansi ya mnzake, kapena amacepetsako mtengo ngati magalimoto onse awiri ali kwa iwo. Zimenezi amapatsidwa amene wafunsa. Mabanja ena amaona kuti n'kochipa kulembetsa magalimoto onse awiri m'dzina la mwamuna, ndipo caka cimeneco zingaoneke zoona, koma zotsatira zake n'zakuti mkazi amatha zaka zina khumi alibe mbiri.

Palinso njira yacidule imene ili yoopsa. Kulembetsa inshuwalansi m'dzina la munthu wa disikaunti yaikulu, nkumuchula kuti ndiye woyendetsa wamkulu pamene galimoto imayendetsedwa masiku onse ndi wina, ndi kunamiza kampani. N'cimodzimodzi kulembetsa galimoto kuti ndi ya pakhomo pamene imanyamula anthu olipira pakati pa Rufunsa ndi Chongwe. Pangano la inshuwalansi limadalira kuti wogula anene zoona zonse zimene zingasinthe mtengo, ndipo kampani ikapeza bodza pambuyo pa ngozi ili ndi cifukwa cokanira kulipira. Mwamuna amene wadwala kapena wakalamba moti sayendetsanso, ndipo mkazi ndiye watenga ciongolero, acita bwino kuuza kampani. Nthawi imeneyi ndiyonso yabwino yopempha kusamutsa disikaunti, pakuti mwini ali moyo ndipo angasaine yekha.

Malikulu a makampani a inshuwalansi ali ku Lusaka, makilomita oposa 150 kucokera pa boma la Rufunsa, ndipo eni magalimoto ambiri amagula kupyolera mwa maejenti kapena pa foni. Ejenti angalonjeze pakamwa kuti disikaunti idzasamutsidwa, koma amene amagamula ndi kampani, ndipo cimene cimagwira nchito ndi colembedwa pa cikalata. Banja lofuna kudziwa pamene laima lingafunse pa nthawi yolipira caka catsopano kuti disikaunti yafika pa zaka zingati, kuti mkazi analembedwa ndi dzina monga woyendetsa kapena iai, kuti kampani imacita ciani mwini akamwalira, ndi kuti disikaunti imakhala nthawi yaitali bwanji ngati inshuwalansi yaima. Funso lomalizali ndi lofunika kwa mkazi wamasiye amene waimika galimoto pansi pa mtengo kwa caka kapena kuposa poyembekeza kuti za cuma zithe, pakuti mbiri yosagwiritsidwa nchito nthawi yaitali imafafanizika.

Kampani ikakana kusamutsa disikaunti, munthu ali ndi ufulu wotenga kalata ya mbiri ya inshuwalansi yakale, laisensi yake ndi ziphaso zake nkukafunsa mtengo ku makampani ena, ndipo buloka wovomerezedwa ndi PIA angamufunsire m'makampani angapo nthawi imodzi. Bungwe la PIA limalandira madandaulo a anthu amene alephera kumvana ndi makampani awo. Dandaulo limakhala lolimba ngati kampani yakana cinthu cimene cinalembedwa m'pangano, kapena yakana kutsata zimene inalonjeza mwa kulemba, ndipo wodandaula amafunika kupita ndi cikalata ca inshuwalansi, malisiti a zolipira ndi makalata onse amene analemberana ndi kampaniyo.